Lolemba la m'Malichi

Foni inalira nthawi itangopitirira 4 koloko madzulo, Lolemba pa 11 Malichi 2024. Ndinali m'minibasi yochokera ku Limbe, nditapanikizika pampando wakumbuyo, mayi wina atasanjika dengu la tomato pamiyendo panga ngati kuti ndine tebulo. Nditaona kuti woimbayo ndi mlongo wanga wa ku America, ndinayankha mokweza dala, kuti anzanga a m'galimotomo adziwe kuti nanenso ndili ndi wanga kunja.

"Chemwali, tatiuzani! Tiphe nkhuku?"

Kunali zii. Kenaka ndinamva kupuma kokha, konga kwa munthu amene wakwera phiri.

"Achimwene, sananditenge."

Ndinatsikira pa Ginnery Corner, ngakhale kuti ulendo wanga unali wa m'tauni. Kondakitala anandikuwira kuti ndaiwala chenji, ine osacheuka. Nditaima m'mbali mwa msewu m'pamene ndinazindikira kuti ndatsikira pafupi ndi sukulu imene mlongo wangayo anaphunzira udokotala, komwe tinavina mpaka nsapato kung'ambika tsiku limene anamaliza.

Ena mwa inu owerenga mufunsa kuti kodi munthu amene ndi dokotala kale angakanidwenso chiyani? Nanenso poyamba ndinkafunsa chomwecho. Mlongo wangayu anatsiriza maphunziro ake mu 2017 pa College of Medicine, sukulu imene inatsegulidwa mu 1991 ndipo kuyambira mu 2021 ili m'kati mwa Kamuzu University of Health Sciences. Anagwira miyezi 18 yoyang'aniridwa ndi akuluakulu pachipatala chachikulu, kenaka zaka zitatu pachipatala cha m'boma lina, kumene anachita maopaleshoni a amayi oyembekezera osawerengeka, nthawi zina namwino akumuunikira ndi foni. Mu 2022 anatsatira mwamuna wake, mlamu wanga, amene ndi namwino ku South Bend m'chigawo cha Indiana, komwe kuli a Malawi ochuluka ndithu.

Koma ku America digiri yathuyi payokha siipereka chilolezo chogwira wodwala. Njira imene pafupifupi dokotala aliyense wochokera kunja amadutsamo ndi yakuti ayambirenso kuphunzira ali pantchito m'chipatala cha kumeneko. Maphunzirowa amawatcha residency. Kwa madokotala a ana, a matenda a akuluakulu ndi a banja lonse ndi zaka zitatu. Kwa a maopaleshoni ndi zisanu. Usanaloledwe n'komwe kupempha malo uyenera kukhoza mayeso a USMLE. Gawo loyamba, la maola 8, mlongo wanga anakalembera ku Johannesburg mu 2021, amayi atagulitsa ng'ombe ziwiri zimene anasiya malemu bambo athu. Gawo lachiwiri, la maola 9, analembera komweko ku America. Analembanso mayeso a Chingerezi, iye amene wakhala akuphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5. Onse anakhoza, ndipo bungwe la ECFMG linamupatsa setifiketi yake.

Malo a residency sapezeka pongogogoda pakhomo la chipatala. Pali bungwe lotchedwa National Resident Matching Program, limene linayamba mu 1952, ndipo dongosolo lake anthu amangoti Match. Mu Sepitembala ofuna malo amatumiza mapepala awo, ndipo chipatala chilichonse chimene wawonjezera n'ndalama. Kuyambira Okutobala mpaka kumayambiriro kwa chaka zipatala zimaitana amene zawakonda kuti zicheze nawo. Chibwerere mliri wa Covid-19 mu 2020 kucheza kwambiri kumachitika pakanema wa intaneti. Zikatha izi aliyense amalemba mndandanda wake mwachinsinsi. Dokotala amasanja zipatala kuyambira chimene wachikonda koposa, nacho chipatala chimasanja madokotala. Kenaka kompyuta imakhala nkhoswe.

Mawu oti nkhoswewa sindikuwanena mwanthabwala. Akatswiri a masamu David Gale ndi Lloyd Shapley, pofotokoza njira yotereyi mu 1962, anapereka chitsanzo cha ukwati, ndipo mu 2012 Shapley ndi Alvin Roth, amene anakonzanso dongosolo la Match m'zaka za m'ma 1990, analandira mphotho ya Nobel. Nkhosweyi imayamba yakuperekeza kukhomo limene walikonda koposa. Ngati eni khomo anakulemba ndipo malo alipo, umakhala pamenepo mongogwirizira. Akabwera wina amene anamuika pamwamba pako, malo n'kutha, iwe umanyamuka kupita kukhomo lachiwiri, kenaka lachitatu, mpaka mndandanda wako uthe. Ukatha, watsala panja. Palibe wokulalatira, palibenso wokupepesa. Ndipo chipatala sichilemba munthu amene sichinacheze naye. Mlongo wanga anatumiza mapepala kuzipatala 140. Zinamuitana ziwiri zokha.

M'zaka zaposachedwapa, mwa madokotala 10 alionse ophunzira kunja amene si nzika za America, pafupifupi 4 amatsala panja. Mwa ophunzira otsiriza m'sukulu za komweko otsala safika ngakhale mmodzi mwa 10. Chiwerengerochi tinkachidziwa tonse. Koma munthu akamva kuti anayi agwa amaganiza kuti anayiwo ndi ana a eni ake.

Sabata ya zotsatira ili ndi nkhanza yakeyake. Lolemba amangokuuza ngati watengedwa kapena ayi. Lachisanu masana m'pamene otengedwa amauzidwa kumene akupita. Pakati pa masiku awiriwa otsala amalimbirana malo ochepa amene sanadzaze, m'dongosolo lotchedwa SOAP, limene linayamba mu 2012. Dzinalo likumveka ngati sopo, koma manyazi silichapa. Umaloledwa kupempha zipatala zosapitirira 45, ndipo n'koletsedwa kuyamba iwe kuziimbira. Umangokhala, foni ili m'manja. Mlamu wanga akuti mkazi wake anakhala patebulo masiku atatu atavala jekete, tsitsi atapesa, kuopa kuti wina angamuitane pakanema mwadzidzidzi. Ngakhale kubafa ankapita nayo foniyo. Inalira kamodzi, ndipo anali munthu wotsatsa inshuwalansi ya galimoto. Lachisanu, anzake akutsegula maenvulopu ndi kujambulitsa, iye anavala yunifolomu n'kupita kunyumba yosamalira okalamba kumene ankagwira ntchito usiku, kutembenuza agogo a eni ake pabedi ndi kuwasambitsa.

Usiku womwewo anandilembera uthenga: "Achimwene, amayi muwauze kuti zotsatira zachedwa."

Ndinavomera. Bodza limenelo ndinalisenza ndine, kuchoka nalo ku Blantyre mpaka kwathu ku Ntcheu, pafoni mlungu ndi mlungu. Amayi athu anali atauza kale a Mvano anzawo, ndipo amayiwo anali atapempherera nkhaniyi. M'mudzi monse mlongo wanga ankatchedwa "adokotala a ku America." Ndalama zochepa zimene ine ndinasonkhako, zochokera ku nkhani zimene ndimagulitsa kumanyuzipepala, zinasungunuka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ng'ombe zinali zitapita. Ndiye ndikanayamba bwanji?

Pano ndiulule kuti m'banja mwathu katswiri wa kugwa ndine. Sitandade 8 ndinalemba kawiri. Ulendo woyamba ndinakhoza, koma pamndandanda wa osankhidwa kupita ku Fomu 1 umene anamata pakhomo la ofesi ya ahedi dzina langa panalibe. Ndinauwerenga kuchokera pamwamba, kenaka kuchokera pansi, ngati kuti dzina lingabisale. Amene munaphunzira m'midzi mukudziwa kuti kukhoza n'kwina, kusankhidwa n'kwina. Tinali ndi anzathu a ndevu m'kalasi, obwereza kachitatu, ena atasintha ndi maina omwe. Chaka chobwereza ndinakhala pabenchi limodzi ndi ana amene ndinkawatuma. Lero ntchito yanga ndi yotumiza ndakatulo ndi nkhani kwa akonzi amene nthawi zambiri sayankha n'komwe. Khungu langa linakhuthala.

Mlongo wanga anali asanagwepo chibadwire. Anasankhidwa ulendo woyamba kupita kusekondale yogonera konko, kenaka ku koleji, ndipo paliponse dzina lake linkakhala m'mwamba. Munthu wotere amadziwa kuwerenga mpaka tambala kulira, koma sadziwa chochita m'mawa wa tsiku lotsatira kukanidwa. Mu Epulo anasiya kuyankha mafoni. Mlamu wanga anandiuza kuti mabuku onse waika m'katoni n'kuwatsekera m'galaja.

Ndili ndi milandu iwiri pankhaniyi, ndipo ndiyenera kuinena.

Woyamba ndi uwu. Zaka zapitazo ndinalembapo nkhani yodzudzula madokotala amene amaphunzira ndi misonkho ya alimi kenaka n'kuthawira kunja. Ndinakumbutsa owerenga kuti College of Medicine inakhazikitsidwa mwa zina chifukwa ambiri mwa amene boma linkawatumiza kukaphunzira kunja sankabwerako. Anthu anandiyamikira. Tsono nditaima pa Ginnery Corner tsiku lija, pansi pa chisoni chonse panali kamawu kena kakang'ono kamene kanati: basi, abwerera. Patapita milungu ingapo ndinamuuza. Ndinati kuno nakonso kuli maphunziro a ukatswiri, a MMed, odwala akumufuna, amayi akukalamba, alekerenji kuzunzika m'dziko la chisanu.

Anakhala chete, kenaka anati: "Achimwene, musasandutse kwathu kukhala kobwerera ogonja. Ndikadzabwera ndidzabwere nditafuna ndekha. Ndikabwera lero, wodwala aliyense ndizidzamuona ngati chilango changa."

Ndinasowa choyankha. Mpaka lero ndikukhulupirira kuti dziko lathu likutaya madokotala amene likuwasowa kwambiri. Koma ndinaona kuti ndinkafuna kuti kugwa kwake kupambanitse nkhani yanga ya m'nyuzipepala.

Mlandu wachiwiri ndi wa kalata. Pamapepala opempha malo pamakhala kalata ya tsamba limodzi imene munthu amadzifotokoza yekha. Popeza m'banja mwathu mlembi ndine, kalata ya chaka choyamba ndinaikonza ndine. Ndinaikamo dzuwa likutuluka panyanja, ndinaikamo phiri la Mulanje, ndinaikamo agogo athu akumwalira pamphasa kamtsikana kakulumbira kuti kadzakhala dokotala. Zoona zake n'zakuti agogo atamwalira iye anali ndi zaka zinayi, ndipo ankasewera phada kuseri kwa nyumba. Kalatayo inali yokoma kuiwerenga mokweza. Chikomekome cha mkuyu. Dokotala wina wa ku West Africa amene anadutsa njira yomweyi kalekale ataiwerenga pambuyo pake anati: "Ndadziwa zambiri za dziko lanu. Za inu sindinadziwe chilichonse."

Bodza lija linathera pankhokwe. Ndinapita kumudzi mu Meyi, nthawi yokolola, koma chaka chimenecho zokolola zinali zongoyerekeza. Ng'amba ya El Niño inali itaotcha chimanga, moti pa 23 Malichi 2024 boma linalengeza kuti m'maboma 23 mwa 28 muli ngozi. Ndinapeza amayi akutola tizitsononkho tochepa m'dengu. Ndinayamba nyimbo yanga ija, yakuti azungu achedwetsa zotsatira.

"Iwe," anatero amayi osandiyang'ana, "ndinakubala ndine. Mwana amene wakhoza saimba foni ya mphindi ziwiri. Ndakhala ndikudikira kuti ndione tsiku limene mudzatope nalo bodza lanuli. Muimbire."

Ndinamuimbira pa WhatsApp. Kumeneko kunali m'mawa, atangoweruka kuntchito ya usiku. Atamva mawu a amayi anayamba kulira, kulira kwenikweni, kumene anakusunga miyezi iwiri. Amayi anamusiya alire. Kenaka anati:

"Ng'ombe zija usazilire, ndinagulitsa ndine, sunandibere. Tamvera. Pamene mbewu sizinamere sungothirapo zina pamwamba. Umayamba wafukula phandolo, uone ngati zinaola, kapena anadya ndi mbewa, kapena ndi mvula imene inanama. Ukaona, ndiye upakize. Iwe wafukula?"

Sanafukule. Anali atangokwirira ndi kukhalapo.

Kufukulako kunatenga mwezi wa Juni wonse, ndipo zina zimene anapeza zinali zowawa. Anabwerera pamndandanda wa zipatala 140 zija n'kuwerenga zofuna za chilichonse. Zambiri zinali zitanena poyera kuti zimafuna munthu amene sanapitirire zaka zitatu kapena zisanu chimalizireni sukulu, pamene iye anali atakwanitsa zisanu ndi chimodzi. Zina sizinatengepo dokotala wochokera kunja kwa zaka zambiri. Ndalama zimene analipira kumeneko zinali zoponya m'madzi; n'kutheka kuti mapepala ake sanawaone munthu n'komwe, anangosefedwa ndi kompyuta. Makalata ake a umboni onse anali ochokera kwa madokotala a kuno kwathu, anthu olemekezeka ndithu, koma osadziwika kwa owerengawo, amene amafuna kumva kwa munthu amene wakuona ukugwira ntchito m'chipatala cha kwawo.

Analimbanso mtima n'kulembera zipatala ziwiri zimene zinacheza naye, kufunsa pamene anaperewera. Chimodzi sichinayankhe. China chinayankha mizere itatu, ndipo mzere umodzi unamupweteka: anaoneka ngati wosadzidalira. Atayeserera kucheza kuja ndi dokotala wa ku West Africa uja, vuto linaonekera. Akafunsidwa zimene anachita, ankati "tinachita." Akayamikiridwa, ankayang'ana pansi n'kunena kuti chinali chisomo chabe. Kwathu umenewo ndi ulemu, ndipo mwana wotero timati analeredwa. Kumeneko ofunsawo anamva kuti mwina iye ankangoimirira pambali ena akugwira ntchito. Anayenera kuphunzira kunena kuti "ndinang'amba ndine, ndinasoka ndine," akuyang'ana munthu m'maso, popanda kumva ngati watukwana amayi ake.

Zina zimene anafukula sizinali zake. Chaka chimene anamaliza sukulu sichisintha, ndipo chaka chilichonse chobwereza chimamutalikitsa nacho. Malo ndi ochepa kuposa owafuna. Imeneyo ndiyo mvula yonama ija. Phindu la kufukula linali lakuti anasiyanitsa zimene angakonze ndi zimene angangozipirira, ndipo anasiya kudziimba mlandu pa zonse pamodzi.

Katoni ija inatuluka m'galaja. Analemba gawo lachitatu la USMLE, mayeso a masiku awiri amene amalembedwa ku America kokha, kuti zipatala zisakayike ngati adzakhoza. Anapeza kachipatala kena kothandiza anthu osauka kumene dokotala wina wachikulire anamulola kumutsatira masiku atatu pamlungu, popanda malipiro. Usiku okalamba, masana kachipatala, kugona maola anayi. Patatha miyezi itatu dokotalayo anamulembera kalata ya umboni yonena zimene anaona ndi maso ake. Ulendo uno sanamwaze mbewu paliponse. Anasankha zipatala 70, zambiri za udokotala wa banja m'matauni ang'onoang'ono, zimene zinatengapo kale anthu onga iye. Anati ntchito imeneyo ndiyo ikufanana ndi imene ankagwira kuboma kuja, kumene m'mawa umaona khanda, masana gogo, usiku mayi wobereka.

Kalata yodzifotokoza analemba yekha. Ananditumizira ndi lamulo limodzi: "Mukonze zizindikiro za m'kalembedwe basi. Mukaikamo nyanja, ndikuuzirani amayi." Inalibe dzuwa, inalibe phiri. Inanena za usiku wina pachipatala chija, mayi atataya magazi ambiri atabereka, magazi omupatsa palibe, zimene iye anachita motsatana, ndi chimodzi chimene anachedwa kuchiona. Mayiyo anapulumuka, koma kalatayo sinadzitame. Inanena chimene anasintha kuyambira tsiku limenelo. Chakumapeto kunali ziganizo ziwiri zimene ine ndinafuna kuzichotsa. Zinati chaka chatha anapempha malo koma sanatengedwe, ndipo nazi zimene wachita m'miyezi yotsatira. Ndinamuuza kuti munthu sadzionetsa chilonda pamsika. Iye anati mpata wa chakacho auona okha pamapepala, ndipo funsolo adzafunsa ndithu. Kuli bwino aliyankhe asanafunsidwe. Ndinakonza makoma asanu ndi awiri n'kubweza. Ndiyo ntchito yolemba yabwino koposa imene ndagwirapo.

Mapepala anapita mu Sepitembala 2024. Ulendo uno zinamuitana zipatala zisanu ndi zitatu, ndipo pafupifupi paliponse funso lija linabwera. Ankayankha osazemba.

M'miyezi yodikirayo ndinayesa kumulimbikitsa ndi mbiri yakale, monga timachitira ife olemba tikasowa chopereka. Ndinamukumbutsa za Dr Daniel Sharpe Malekebu, amene anamaliza udokotala pa Meharry Medical College ku Tennessee mu 1917, koma atsamunda sanamulole kukhazikika kwawo atabwera koyamba, chifukwa cha mthunzi wa John Chilembwe. Anakadikira ku Liberia mpaka mu 1926, pamene anabwera kudzatsegulanso PIM ku Chiradzulu. Ndinamukumbutsanso za Kamuzu, amene anamaliza pa Meharry pomwepo mu 1937, koma digiri ya ku America sinakwanire m'maiko olamulidwa ndi Angerezi, moti anakayambiranso ku Edinburgh mpaka mu 1941. Ndinati ukuona, kale digiri ya ku America ndiyo inkakanidwa kuno, lero ya kuno ikukanidwa kumeneko. Mlonda wa pachipata amangosintha yunifolomu.

Anaseka koyamba patapita nthawi yaitali. "Achimwene, mukufuna ndidzabwere ndi litchowa?" Kenaka anati: "Koma chimodzi ndalonjeza. Ndikagwanso, amayi amva tsiku lomwelo, kuchokera pakamwa panga."

N'chifukwa chake Lolemba pa 17 Malichi 2025 sindinakwere minibasi ya m'tauni. Ndinalawirira basi ya ku Ntcheu. Pofika 3 koloko tinali titakhala pakhonde, amayi pamphasa, ine pampando wa malemu bambo, foni ili pakati pathu pamwamba pa mtondo wovundikira, chifukwa pamenepo ndi pamene netiweki imagwira. Amayi anali atauza a Mvano anzawo zoona zake kalekale, ndipo awiri mwa iwo anabwera kudzakhala nafe. Mmodzi anati mwana wake wabwereza Fomu 4 kawiri, ndipo sanauzepo munthu. Palibe anatchula za nkhuku. Tinagwirizana kuti kaya zikhala bwanji, tidya nsima ya nyemba imene inali kale pamoto.

Foni inalira itangokwana 4 koloko. Amayi anaitola okha.

"Amayi, anditenga."

Amayi sanalulute msanga. Anatseka maso, milomo ikugwedezeka. Nthungululu anayambitsa ndi anzawo aja, mpaka ana a m'mudzi anathamangira kudzaona.

Lachisanu, 6 koloko madzulo nthawi yathu, tinamva kumene akupita. Sichinali chipatala chimene anachiika poyamba, kapena chachiwiri. Chinali chachisanu ndi chimodzi pa zisanu ndi zitatu, m'katauni kozunguliridwa ndi minda ya chimanga, ulendo wa maola angapo kuchokera kumene mwamuna wake amagwira ntchito. Anati zilibe kanthu, chimanga amachidziwa. Koma mawu ake sanali a chikondwerero chokha. Mnzake amene ankawerenga naye, mayi wa ana awiri wochokera kudziko lina la mu Africa muno, anali atatsala panja kachitatu. Nayenso anafukula, nayenso anakonza zonse zimene akanatha. Mlongo wanga anati usiku wa Lolemba lija anakhala naye pafoni mpaka pakati pa usiku, osamuuza kuti alimbe mtima, osamuuza kuti zonse zili ndi nthawi yake, kungokhala naye basi. "Mawu amenewo anandinyansa chaka chatha," anatero. "Amene anandithandiza ndi amene anandifunsa ngati ndadya."

Sindikufuna kuti wina awerenge izi n'kunena kuti aliyense wobwereza amatengedwa. Sizili choncho. Chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti miyezi iwiri imene tinabisa inali yowawa kuposa miyezi khumi imene tinadikira poyera, ndipo palibe chimene chinakonzedwa mpaka tsiku limene tinavomera kuti sizinamere.

Titamaliza kulankhula naye Lachisanu lija, amayi anandifunsa funso limene ndinkaliopa.

"Ndiye abwera liti?"

Ndinawafotokozera kuti ayamba mu Julaye 2025, ndipo maphunzirowo atha pakati pa 2028. Za pambuyo pake sindinanene, chifukwa mwini wake sanalonjeze, ndipo ine ndinasiya kumulonjezera. Amayi anawerenga pazala.

"Zokolola zitatu," anatero. "Chabwino. Ukagone, mawa tilawirira."

Mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi anali atatha, ndipo Loweruka chipatala chimatseka masana. Tinanyamuka kusanache, iwo pakabaza, ine pambuyo pawo. Tinafika 6 koloko isanakwane, koma pabenchi panali kale anthu oposa makumi atatu. Mayi wina amene anakhala pafupi anawazindikira.

"Si inu amake adokotala a ku America?"

"Ndine," anayankha amayi, akufunyulula kabuku kawo ka kuchipatala m'kansalu. "Tasunthani pang'ono ndikhale."